Buku Linkati 2666

Mphatso zonse zomwe ndinabwera nazo zinalephera, imodzi imodzi, anthu akuona. Malaya a alamu ndinagulira munthu amene ndinamusiya zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri zapitazo, munthu wopanda mimba. Mabatani anakana kukumana ndi mabowo awo. Nsapato za achemwali zinalola phazi limodzi lokha. Mwana wawo wamkazi, yemwe m'mutu mwanga anali akadali kamtsikana ka pachithunzi, anabwera kudzandilonjera atanyamula wakewake. Chidole chomwe ndinamugulira anachilandira ndi manja awiri n'kupatsa khandalo, ndipo khandalo linachiyang'ana kamodzi n'kuchiponya kunsi kwa mpando.

Pansi pa sutikesi panatsala kaphukusi kamodzi, kopyapyala ngati kalata. Munali timatabwa tiwiri ta ramu, tija timalowetsedwa m'kompyuta kuti izitha kunyamula ntchito yaikulu osabanika. Achemwali ankadandaula pafoni chaka ndi chaka kuti kompyuta ya m'sitolo imakomoka ikaona chithunzi chachikulu. Kaphukusiko sindinakatulutse tsiku loyamba. Ndinali nditagwa kale katatu. Kachinayi ndinafuna ndiyambe ndaona pogwera.

Sitoloyo inali ya bambo athu, ndipo kale inkagulitsa mabuku. Ndinakulira kunsi kwa kauntala yake, ndikuwerenga chilichonse chomwe sichinagulidwe, ndipo popeza anthu a mumsewu wathu sankagula kwenikweni, ndinawerenga pafupifupi zonse. Lero mashelefu omwewo akunyamula mabotolo a inki ndi mipukutu ya pulasitiki yosindikizapo zikwangwani. Pomwe pankakhala mabuku a mbiri yakale pagona makina osindikizira aatali ngati benchi la m'chipatala. Mtengo wa pakhonde anadula. Holo ya kanema ya kutsidya kwa msewu ikugulitsa matiresi. Palibe amene anandifunsa, ndipo ndikamadandaula anthu amandiyang'ana ngati ndikuwafotokozera maloto.

Koma loko wa pachitseko ndi yemwe uja. Bambo anali ndi makiyi awiri, aatali, achitsulo chofiirira, ndipo onse awiri anali pamphete ya achemwali. Kwa masabata atatu ndinkadzuka m'mawa kuposa aliyense, chizolowezi cha kunja, n'kukakhala pakhonde la sitolo ya bambo anga kudikira kuti anditsegulire, ngati munthu wodzafuna fotokope. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kupempha kiyi mmodzi.

"Kiyi ndi wa anthu ogwira ntchito, achimwene," anatero achemwali osadzutsa mutu. "Inu ndinu alendo. Alendo timawapatsa mpando."

Mpando anandipatsadi, wapulasitiki, pafupi ndi chitseko, pomwe aliyense wolowa ankandifunsa ngati ndili pamzere.

Tsiku lomwe ndikunenali, aphunzitsi aakulu a sukulu ina ankafuna chikwangwani cha mamita asanu ndi limodzi, chokhala ndi nkhope za ana onse a pasukulupo, mazana anayi, aliyense woti makolo ake athe kumuloza ndi chala. Anati abwera kudzachitenga 4 koloko madzulo pagalimoto yobwereka, yomwe mwini wake sadikira munthu. Achemwali anayesa kutsegula chithunzicho kawiri, ndipo kawiri konse kompyuta inaganiza, inaganiza, n'kuuma gwaa. Kachitatu anangogwira mutu. Apo ndinadzuka pampando wanga wa alendo n'kutulutsa kaphukusi kaja m'thumba la jekete.

"Nazonso ndi saizi yakale?" anafunsa alamu.

Alamu ndi amene amayendetsa kagalimoto ka sitolo n'kukakhoma zikwangwani, ndipo mumsewu monse amadziwika kuti a Guluu, chifukwa sakhulupirira kuti chinthu chingakhale pamalo pake chokha. Chosungira zolembera pakauntala n'chomata. Wotchi ya pakhoma n'njomata. Chidendene cha nsapato yawo ya kumanzere n'chomata, ndipo cha kumanja anamatiratu chisanayambe n'komwe kulankhula.

Kwathu kuno amadziwa kuti kunja ndinali injiniya, ndipo sindinawatsutsepo. Zoona zake n'zakuti ndinkagwira ntchito m'chiholo chozizira chodzaza makompyuta, nditavala jekete chaka chonse. Kanyale kakafiira, ndinkasolola chakufa, kulowetsa chamoyo, n'kusaina fomu. Zaka zonsezo sindinaloledwe kusintha nambala ngakhale imodzi. Koma kulowetsa ramu ndingathe ngakhale mutandimanga m'maso. Ndinazimitsa kompyuta, kutsegula chivundikiro, kusolola katabwa kakale kafumbi, n'kukankhira tatsopanoto m'mipata yake. Kha. Kha.

Chithunzi chinatseguka. Ana mazana anayi anatuluka pasikirini onse pamodzi, mano pamtunda. Alamu, omwe ankayang'ana wotchi yawo yomata, anati zatenga masekondi 41.

"Hmm," anatero achemwali.

Amene sakuwadziwa angaone ngati n'zochepa. Ine ndimawadziwa. "Hmm" ameneyo ndinamumva komaliza tsiku lomwe ndinakhoza mayeso onse.

Mpukutu wa pulasitiki womwe unalipo sukanakwana mamita asanu ndi limodzi, ndiye anatenga chikwama chawo kuti akatenge wina kwa ogulitsa a kutsidya kwa mlatho. "Ndibwera 2 koloko, tidzayambe kusindikiza," anatero ali pakhomo. "Musakhudze china." Anayang'ana ine, kenaka amuna awo, kenaka ine kachiwiri.

Atangokhota pangodya, maso anga anagwera pakanambala kena pasikirini: 2666. Ndinatenga kaphukusi kopanda kanthu kaja n'kuwerenganso. Panalembedwa 3600, ndi zilembo zonenepa zasiliva. Limenelo ndi liwiro lomwe timatabwato tinabadwa nalo. Koma timatabwato tili ndi bwana wake, bolodi yaikulu yomwe chilichonse m'kompyuta chimalumikizidwapo, ndipo bwanayo anali atatilamula kuyenda pang'onopang'ono.

Achemwali anatengera bambo khalidwe losataya pepala. M'dirowa yachiwiri munali buku la bolodiyo, losapindika n'komwe. Linali buku lokhalo lotsala m'sitolo yomwe kale inali ndi mabuku zikwi zitatu.

"Likuti chiyani, a Pulofesa?" anafunsa alamu.

"Likuti bolodi iyi imalekezera pa 2666."

"Nanga zanuzi?"

"3600."

Alamu anawerengera pazala, milomo ikugwedezeka. "Ndiye otsalawo akutani?"

"Angokhala."

"Ngati inuyo."

"Olemba bukuli sananame," ndinatero, "koma ndi anthu osamala khungu lawo. Amalemba pomwe anayesa okha, pomwe angayankhe mlandu zikavuta. Kupitirira apo bolodi ikhoza kulola, ikhozanso kukana. Palibe amene amakulonjezani."

"Ngati kagalimoto kanga. Pachitseko analemba tani imodzi."

"Ndinakaona dzulo mmene munakapakirira."

"Kanafika kapena sikanafike?"

"Kanafika."

"Basitu. Tsegulani."

"Achemwali anati tisakhudze china."

"Sitepe imodzi yokha, alamu. Akamabwera tikhala titabwezera. Kapena kunjako anakuphunzitsani kungosaina mafomu?"

Sankadziwa kuti aponda pachilonda. Ndinayatsanso kompyuta n'kulowa m'bayosi, kachipinda kake kamkati komwe munthu amalamulirako bolodi isanadzuke bwinobwino. Moyo wanga wonse wa ntchito ndinkadutsa pakhomo la kachipinda kotere manja ali kumbuyo. Ndinasankha 2933, sitepe imodzi pamwamba pa buku, n'kudina.

Sikirini inada. Mafani analira. Kenaka kompyuta inati phyi, n'kudzuka ngati palibe chachitika.

Ndinaseka. Sindikudziwa komwe kusekako kunachokera. Kunali kwa mwana wasukulu amene waliza belu nthawi isanakwane ndipo aphunzitsi onse akhulupirira. Alamu anathamangira pakhomo kukaitana a Lezala, ometa a khomo loyandikana nalo, kuti abwere ndi foni yawo yowerengera masekondi. A Lezala anabwera atatsogoza munthu amene ankamumeta, nsalu ili m'khosi, mbali imodzi ya mutu ikuwala, inayo ikadali nkhalango. Anati sakanamusiya yekha ndi galasi.

Tinatsegulanso chithunzi cha ana. Masekondi 40.

"Sekondi imodzi," anatero wometedwayo. "Mwandidzutsa pampando chifukwa cha sekondi imodzi?"

"Sekondi imodzi patsiku, pachaka ndi zingati, a Pulofesa?" anafunsa alamu.

"Mphindi zisanu ndi imodzi."

"Mwamva? Mphindi sikisi zongotola. Inu munayamba mwatolapo mphindi?"

Alamu anatenga chidutswa cha pulasitiki chotsala, kulembapo 2933 ndi 40 pambali pake, n'kuchimata pakhoma.

Za kubwezera palibe anazitchulanso. Pa 3200 ndinawonjezera moto wa magetsi pang'ono, monga kaphukusi kanalolera, pakuti chothamanga chimadya. Mdima wa pasikirini unatalika kuposa poyamba. Phyi.

Masekondi 38.

Alamu anavina kuzungulira makina osindikizira, zidendene zomata zikugogoda simenti. Wometedwa uja anandigwira chanza ndi manja awiri. Phokosolo linatulutsa mayi a telala a khomo la mbali inayo, tepi ili m'khosi, mapini ali pamlomo. Anaima pakhomo n'kutiwerenga.

"Amuna anayi akuluakulu kuyang'anira wotchi," anatero atachotsa mapini. "Wabadwa ndani?"

"3200, mayi," anayankha a Lezala. "Buku linati sizingatheke."

"Eni ake akudziwa?"

"Eni ake a ramu ndi awa."

"Ndikunena eni ake a sitolo."

Mayiwo anakoka mpando wanga wa alendo n'kukhalapo, miyendo atapingasa, ngati munthu amene wapeza malo abwino pamlandu wa mnzake.

Ine ndinavula jekete, koyamba chibwerereni. Mutu unali utapepuka. Ndinapezeka ndikulankhula ngati kale, ngati nthawi ija ndinkabwera patchuthi n'kumasokoneza makasitomala a bambo. Ndinawauza za anthu omwe ndinawawerenga kunsi kwa kauntala yomweyi: okwera mapiri omwe aliyense ankati sakwereka, oyenda panyanja kupitirira pomwe mapu athera. Ndinawauza kuti malire ambiri m'dziko muno analembedwa ndi munthu amene ankafuna kuweruka msanga. A Lezala ankagwedeza mutu. Wometedwa uja anafunsa ngati okwera mapiriwo ankabwerako.

"Ena," ndinatero.

"Ena angati?"

"3466," anadula alamu. "Tisazizire."

Pa 3466 kompyuta inadzuka, n'kugwa, n'kudzukanso yokha, ngati munthu amene waitanidwa kuchokera ku tulo tatikulu. Ndinagwira katabwa kamodzi ndi chala n'kumva kufunda. A Lezala anathamangira kwawo n'kubwera ndi fani yaikulu ya m'nyumba yometera, yomwe inayamba yatipemerera tsitsi la anthu ena kumaso isanaloze kompyuta. Chithunzi chinatseguka. A Lezala anati masekondi 37. Wometedwa anati chala chawo chinafulumira, ndi 38 yomwe ija. Anakangana mpaka kutchulana za mametedwe a chaka chatha.

"Mwana uyu wataniko?" anafunsa mayi a telala, akuloza pasikirini ndi tepi. Mumzere wachitatu, kamnyamata kena kanali ndi mzere wobiriwira wodutsa pamphumi, woongoka ngati wojambula ndi rula. M'mawa mzerewo panalibe.

Ndinadziwa chomwe chinali. Ramu ikathamanga mopitirira, siyamba ndi kugwa. Imayamba ndi kunama pang'onopang'ono, kanambala kamodzi pa mamiliyoni. Ndinadziwa, ndipo ndinapukuta sikirini ndi mkono wa malaya.

"Ndi fumbi," ndinatero.

"Fumbi lobiriwira," anatero mayiwo.

Koma alamu anali atalemba kale 3600 pakhoma paja, ndi zilembo zazikulu kuposa zinazo, n'kusiya mpata wa masekondi. Sitepe imodzi yokha. Ndinaganiza za achemwali akulowa n'kupeza nambala ya pakaphukusi ndi nambala ya pasikirini zikufanana, mphatso imodzi yokwana ndendende, yosafuna kupinda kapena kupatsa khanda. Anthu anayi anandizungulira. Ndinadina.

Sikirini inada. Mafani analira, n'kuleka. Analiranso, n'kuleka.

"Ikukoka mpweya," anatero alamu.

Tinadikira mphindi imodzi. Ndinazimitsa n'kuyatsanso. Mafani analira, n'kuleka. Ndinayesa kachitatu, kachinayi. Fani ya a Lezala yokha ndi imene inkagwira ntchito m'sitolo monsemo, ikutembenuza mutu uku ndi uku ngati ikukana mlandu. Wotchi yomata inkati kwatsala mphindi zisanu kuti 2 koloko ikwane, ndipo chikwangwani cha mamita asanu ndi limodzi chimatenga ola ndi theka kuti chituluke m'makina.

"Ndakumbukira," anatero alamu akufufuza makiyi a galimoto m'thumba, "pali chikwangwani china choti ndikaone ngati chikadali chokhoma."

Pakhomo anakumana ndi mpukutu wa pulasitiki, ndipo kumbuyo kwa mpukutuwo kunali akazi awo.

Achemwali sakuwa. Akanakhala okuwa bwenzi moyo uli wophweka. Anatsamiritsa mpukutu kukhoma, kuyang'ana sikirini yakuda, fani yachilendo, munthu wometedwa theka, kenaka n'kuwerenga chidutswa cha pakhoma kuyambira pamwamba mpaka pansi.

"Walemba ndani?"

"Dzanja ndi langa," anatero alamu. "Nzeru ndi za a Pulofesa."

Achemwali anatembenukira kwa ine. "Yafa?"

"Sinafe. Yakakamira. Ikuyesa kudzuka paliwiro lomwe singathe, ndipo sikundipatsa mpata woti ndilowe ndiichotsepo. Pabolodipo pali kabatire kozungulira ngati ndalama. Tikakachotsa kwa kanthawi, iiwala zomwe ndaiuza."

"Chotsa."

Ndinagwada, kuunika ndi foni, n'kufufuza kabatireko. Pamalo pake panali chulu. Chulu cha guluu, cholimba, chachikasu, kabatire kakuonekera mkati ngati ntchentche yomwe inagwera m'utomoni. Tonse tinayang'ana alamu.

"Tsiku lomwe tinkabwera nayo, msewu unali ndi maenje," anatero. "Kakanagwa."

"Sikagwa," ndinatero. "Kali ndi chogwirira chake."

"Mwaonatu. Sikanagwe."

A Lezala anatulutsa lezala m'thumba la malaya n'kunena kuti atha kusenda guluuyo bwinobwino, dzanja lawo silinjenjemera. Achemwali anati likaterereka n'kudula kanjira kamodzi pabolodipo, atimeta tonse iwowo, ndi botolo losweka, kuyambira ndi amene wametedwa kale theka. Kenaka anatola buku lija pomwe ndinaliponya, kuvala magalasi, n'kuyamba kutsegula masamba akunyowetsa chala, monga ankachitira bambo.

Ine ndinali ndikadagwada, ndikuona kiyi wanga akupita, mpando wapulasitiki ukundidikira mpaka ukalamba.

"Tsamba 19," anatero achemwali. "Akuti pali timisomali tiwiri pafupi ndi m'mphepete. Uzule chingwe cha magetsi, ukhudze tonse tiwiri ndi chitsulo kwa masekondi khumi, iiwala chimodzimodzi." Ananditsitsira bukulo kuti ndione chithunzi. "Unawerenga mabuku onse a m'sitolo muno mpaka bambo kumakubisira ena. Ili lokha walekezera patsamba 6."

Mayi a telala anaseka mpaka tepi inagwa.

Timisomalito ndinatipeza, tating'ono, toima pamodzi, alamu asanatifikire ndi guluu. Ndinazula chingwe. Sikuludiraiva inali m'bokosi la zida lomwe alamu anaiwala kuntchito ya dzulo. A Lezala ananditambasulira sizasi. Mayi a telala anasolola singano pakolala.

Ndinayang'ana sizasiyo. Ndinayang'ana singanoyo. Sindikudziwa kuti kulimba mtimako ndinakutenga kuti, mwina ndi kuledzera kwa 3200 komwe kunali kusanathe.

"Sizasi yakula," ndinatero. "Singano yachepa. Pakufunika chitsulo chachitali, chaphwatalala kunsonga. Ngati kiyi."

Achemwali anandiyang'ana pamwamba pa magalasi kwa nthawi yaitali, nthawi yomwe tinalibe. Kenaka anatulutsa mphete ya makiyi m'chikwama. Akanatha kundipatsa mulu wonsewo. M'malo mwake analowetsa chikhadabo m'mphetemo n'kuzungulitsa kiyi mmodzi wofiirira mpaka anatuluka. Anali wofunda pomwe anafika m'dzanja langa.

Ndinakhudza timisomali tiwirito. Tinawerenga tonse mokweza, anthu asanu ndi mmodzi, ngati kalasi ya ana ang'ono, wometedwa uja akutsogola ndipo alamu akutsalira dala kuti zikwane bwino. Khumi. Ndinabwezera chingwe n'kudina batani.

Mafani analira. Sanaleke.

Phyi.

Alamu anakhala pansi pasimenti pomwepo. Kompyuta inadzuka pa 2666, yofatsa ngati buku, koma wotchi yake inali itabwerera m'mbuyo zaka zingapo, ikuumirira kuti lero ndi tsiku loyamba la chaka china chomwe tonse tinachiiwala.

"Yatengera a Pulofesa," anatero alamu ali pansi pomwepo.

Ndinakonza tsiku. Chithunzi chinatseguka m'masekondi 41, ndipo mphumi ya kamnyamata ka mumzere wachitatu inali yoyera. Makina anayamba kulira 2 koloko itapitirira ndi mphindi makumi awiri, ana akutuluka mzere ndi mzere, nsapato poyamba, nkhope pambuyo. A Lezala ananyamula fani yawo ndi kasitomala wawo. Aphunzitsi aakulu anafika inki ikadali yonunkha, anayenda m'litali mwa chikwangwanicho akutchula mayina, anadandaula kuti mwana wina anatsinzina, n'kunyamuka nacho woyendetsa galimoto akuliza hutala.

Potseka, ndinatambasula dzanja kuti ndibweze kiyi. Achemwali anali akupukuta kauntala.

"Ndi pati pomwe inayenda osatsokomola?" anafunsa.

"3200."

"Umboni? Osati wa a Lezala."

Ndinawauza kuti pali pulogalamu yoyesera ramu, yomwe imaipatsa manambala n'kuifunsanso kambirimbiri kuona ngati inama, ndipo ikaigwira bodza imalemba mzere wofiira. Ndinati imafuna maola ambiri. Tikaisiya ikuyenda potseka pano, yankho tilipeza m'mawa.

"Ika 3200, uyiyatse. Ndiye wina abwere m'mawa makasitomala asanafike, ngati kwafiira aibwezere pa za m'buku." Anapinda kansalu kopukutira. "Ine sindidzukira masekondi atatu."

Dzanja langa linali likadali lotambasula. Analidutsa ngati mtengo, n'kukazimitsa nyale. Titatuluka anaima pambali, chikwama chili m'khwapa, kudikira kuti ndikhome. Loko anavuta monga ankavutira kale. Umayenera kukoka chitseko pang'ono kiyi asanazungulire, ndipo dzanja langa linakumbuka lokha.

"Sizasi ija ikanakwana bwinobwino," anatero tili mumsewu, akuyang'ana kutsogolo. "Ndinaona pachithunzi cha m'buku."

M'mawa mwake ndinafika holo ya matiresi isanatsegule. Ndinakoka chitseko, kuzungulitsa kiyi, n'kulowa ndekha, koyamba chimwalirireni bambo. Munkanunkha inki, osati mapepala, ndipo ndinaima kaye kuti ndikwiye nazo monga mwa masiku onse, koma mkwiyowo unachedwa kubwera ndipo maso anga anali atathamangira kale kusikirini. Pulogalamu inali itazungulira kasanu ndi kawiri. Mzere wofiira panalibe.

Ndinaseka ndekha m'sitolo yopanda munthu. Ndinakoka mpando wa achemwali, osati wapulasitiki uja, n'kukhala. Ndinaganiza kuti pakati pa 3200 ndi 3466 pali sitepe ina yaing'ono, 3333, yomwe dzulo tinaidumpha chifukwa cha phuma la alamu, ndipo munthu wosamala, atapeza fani yabwino, akhoza kungoyesa.

Dzanja langa linali litafika kale pabatani pomwe ndinaona kapepala pamwamba pa chivundikiro cha kompyuta. Sindikudziwa kuti anakaika nthawi yanji. Zilembo zinali za achemwali, zoongoka ngati za bambo: "3200. Ukadutsa apa, kiyi usiye pakauntala."

Ndinayesa kukasendeza ndi chikhadabo kuti ndione ngati kuseri kuli mawu ena. Kanali komata.